Mtendere Umene Unabwera pa Ndege

Kutsidya kwa nyanja yaikulu kuli dziko lotchedwa Ndinendine, ndipo m'masiku amene ndikunenawa linkalamulidwa ndi Mfumu Chinyadire Woyamba. Dzina lakuti Woyamba anadzipatsa yekha, osati chifukwa kunkabwera wachiwiri, koma chifukwa sankafuna kumva kuti pali chinthu chimene wina anamutsogolera. Malamulo sankakambirana ndi nduna. Ankawalemba pa foni m'mawa ali kuchimbudzi, moti dziko lonse lapansi linkadziwa mmene m'mimba mwa mfumu mwagonera pongoona lamulo la tsikulo. Zikayenda bwino, mayiko ena ankalandira mawu owayamikira. Akadzimbidwa, msonkho wa katundu unkakwera.

Chaka china Chinyadire anamva kuti akuluakulu a kudziko lina lozizira amapereka Nkhata ya Mtendere kwa munthu amene wathetsa nkhondo. Zagolide anali nazo kale mpaka kotokosera m'mano, koma nkhata imeneyi analibe, ndiye mtima sunakhale m'malo. Anayamba ndi nkhondo zenizeni. Anaimbira foni omenyanawo, anawaopseza, anawanyengerera, wina mpaka anamulonjeza hotela. Koma anthu a nkhondo zenizeni ndi amakani. Amavomera pa foni, ukangodula iwo n'kupitiriza kuomberana. Chinyadire anapsa mtima, naitana mlamu wake, Kazembe Mwachangu, n'kumulamula kuti amupezere nkhondo yofewa, yosachedwa kupsa, ndipo ngati n'kotheka ikhale pafupi ndi phiri la miyala yamtengo wapatali. Mwachanguyu asanakhale kazembe ankagulitsa matilesi, ndipo za mayiko ankadziwa chinthu chimodzi chokha, chakuti munthu aliyense amatopa n'kufuna pogona.

Tsono pamalo paja mapu amapindikira pali maufumu awiri ang'onoang'ono, Tilibekanthu ndi Nafensotilibe. Pakati pawo pali mtsinje, pamtsinjepo mlatho, pamlathopo msika. Anthu a maufumu awiriwa ndi asuweni kuyambira makolo, ndipo chisuweni chawo ndi chotukwanana. Wa ku Tilibekanthu akakumana ndi wa kutsidya sapereka moni. Amamufunsa ngati mutu umenewo anabadwa nawo kapena anachita kubwereka. Winayo amayankha kuti bola mutu wobwereka kusiyana ndi miyendo yoti mbuzi imadutsa pakati osakhudza. Akatero amagwirana dzanja n'kupita kukafuna mowa.

Chisuweni chimenechi chimafika pake penipeni pa maliro. Kumeneko munthu saika wakufa wa kwawo. Manda amakumba ndi asuweni a kutsidya, bokosi amanyamula ndi iwo omwewo. Pobwera amagwira mbuzi iliyonse imene aiona, amathira anamfedwa ufa kumutu, kenako amaima pamanda n'kumutukwana malemuyo kuyambira kuphazi mpaka kuliwombo. Kuyamika wakufa ndi ntchito ya alendo, anthu amene sanadye naye m'mbale imodzi. Ndipo mkazi wamasiye sadzuka pamphasa kufikira msuweni atamuseketsa. Akapanda kuseka, malirowo sanathe, ngakhale dothi alifotsere n'kulipondaponda.

Pamlathopo panali akatswiri awiri a luso lotukwanali. Wina anali Jailosi Kambalame wa ku Tilibekanthu, wokonza njinga. Wina anali Tchale Dzimbiri wa ku Nafensotilibe, wowotcha kanyenya. Anayamba kutukwanana akuweta mbuzi, anakwatira akutukwanana, imvi zinawapeza akutukwanana. Tchale ankalonjeza kuti adzamuika Jailosi chozondoka, kuti akadzafuna kudzuka azidzangopitirira pansi. Jailosi ankati pa maliro a Tchale sipadzafunika bokosi, thumba la feteleza lidzakwana n'kutsalako pomangira. Mkazi wa Jailosi, Felesiya, ankagulitsa zigumu pakati pa awiriwa, ndipo ankati phokosolo likangoti zii amadziwa kuti mmodzi wadwala.

Tsiku lina mlendo wodutsa anajambula maliro ena pa foni. Munali anthu akuthamangitsana, mbuzi ikulira, nkhope zoyera ndi ufa, ndi bambo wina akuloza manda uku akukalipa. Kanemayo anayenda m'mafoni mpaka anafika kwa Kazembe Mwachangu. Atayang'ana pamapu anapeza kuti maufumu awiriwo amagawana phiri la Chikhalireni, lodzaza ndi miyala ija amapangira mabatire. Sanafunsenso china.

Ndege ya Kazembe inatera pabwalo la mpira, masewero ali mkati. Kazembe anaitanitsa mafumu onse awiri kubwalo la Tilibekanthu: Mfumu Indebwana Wachitatu, mwini bwalo, ndi Mfumukazi Palibevuto ya kutsidya. Mfumukazi itangolowa inauza Indebwana kuti chipewa chake chaufumu chikufanana ndi dengu loikiramo nkhuku. Indebwana anayankha kuti anadziwa kale kuti ikubwera poona agalu onse akuthawira kuphiri. Womasulira wa Kazembe anamasulira zonse mokhulupirika, osasiya ngakhale dengu. Kazembe anatuluka thukuta, anaimirira pakati pawo atatambasula manja, n'kulengeza kuti Mfumu Chinyadire wamva kulira kwawo, ndipo nkhondo yoopsayi ithe lero lomwe.

Nduna ina inawerama n'kunong'oneza Indebwana kuti mwina ndi bwino kungomuuza mlendoyu zoona. Mfumu inaiyang'ana ndi diso lofiira.

"Munthu wawoloka nyanja, wawotcha mafuta a ndege, wasiya ana kunyumba, iwe ukuti timuuze kuti wayenda ulendo wachabe? Unaleredwa kuti? Mlendo akati kuli nkhondo, kuli nkhondo."

Mfumukazi nayo inavomereza kuti kutsutsa mlendo asanamwe n'komwe madzi ndi kupanda mwambo. Anagwirizana chamumtima kuti amusiye athetse nkhondo yakeyo, adye, anyamuke, iwo apitirize moyo. Choncho Kazembe atafunsa ngati nkhondoyi yatenga nthawi yaitali, onse anagwedeza mitu mwachisoni. Atafunsa ngati anthu avutika, anagwedezanso. Atafunsa ngati angapereke phiri lija ngati kachithokozo kochepa, mitu inali itazolowera kale kugwedera.

Mafumu awiriwo anawatengera ku Ndinendine kukasaina. Chinyadire anawakhazika pa timipando tatifupi, iye n'kukhala pa wautali, ndipo anauza atolankhani kuti nkhondo imeneyi inali yaikulu kuposa nkhondo zonse zimene zinamenyedwapo. Anati anthu ankanena kuti singathe, akatswiri ankalira misozi, koma iye waithetsa asanadye nkhomaliro. Mayina a maufumuwo anawasokoneza, limodzi analitcha dzina la mankhwala a chifuwa. Anayamikira Mfumukazi kuti ili ndi mano abwino. Pangano linati mlatho utchingidwe ndi waya, asilikali a Ndinendine aulondere, munthu asawoloke, ndipo mawu aliwonse onyoza anthu a kutsidya adzatengedwa ngati chipolopolo. Mlathowo unapatsidwa dzina latsopano, Mlatho wa Chinyadire. Tsiku lomwelo thandizo la mankhwala limene linkapita m'zipatala za maufumuwo linaimitsidwa, poti anthu amene ali pamtendere alibe chifukwa chodwalira.

Msika unagawika pakati ngati chigumu. Mayi wina wa tomato anadandaula kuti nkhondoyo inamudutsa ali kudimba, akanadziwa akanathawako pang'ono kuti adzakhale ndi chouza adzukulu. Wakabaza wina anafunsa msilikali ngati omenya nkhondo akale apatsidwe yunifolomu, chifukwa iye anatukwana kwambiri kutsogolo kwenikweni. Wamakala anati mtendere ndi chinthu chabwino, kungoti makasitomala ake onse atsala kutsidya kwa mtenderewo.

Asilikali ankalola anthu kulonjerana pa waya, bola mwaulemu. Jailosi anayesa. Anafika pawayapo, anavula chipewa, n'kufunsa a Dzimbiri kuti adzuka bwanji. Tchale anayankha kuti adzuka bwino, kaya a Kambalame ndi kunyumba. Onse awiri anabwerera atatupa ndi mkwiyo, aliyense akudzifunsa kuti mnzakeyo wamusungira chiyani kukhosi. Zinali chimodzimodzi ndi ena onse. Ulemu unachuluka pamtsinjepo mpaka anthu anayamba kukayikirana zenizeni. Wina akati zikomo, winayo ankagona osatseka maso onse. Kwa nthawi yoyamba chiyambire maufumu awiriwa, amuna ena anayamba kunola nkhwangwa osanena mtengo umene akufuna kudula. Kuphiri magalimoto ankangotuta miyala, ndipo oyendetsa ake ndiwo okha ankawoloka mlatho popanda wowafunsa.

M'mwezi wotentha Jailosi anadwala malungo. Kuchipatala anamupatsa madzi ndi mawu achilimbikitso, poti n'zimene zinatsala m'kabati. Anamwalira m'mawa wina dzuwa lisanakwere. Felesiya ankati malungo okha sakanamutenga mwamuna wake, anamupeza atafooka kale ndi ulemu.

Apa ndiye ine kuseka kumandithera pang'ono. Mtembo unagona m'nyumba, Felesiya anakhala pamphasa, amuna anasonkhana panja, makasu ali poteropo, koma palibe anawakhudza. Wa ku Tilibekanthu sakumba manda a wa ku Tilibekanthu, ngakhale mutamulozera mfuti. Okumba anali kutsidya kwa waya, akusuzumira. Dzuwa linkaswa mtengo, ndipo mtembo sudziwa za mapangano a mayiko.

Felesiya anati apita yekha kubwalo la mfumu. Anthu anamukumbutsa kuti sangadzuke pamphasa asanaseke. Iye anati sananene kuti adzuka. Ndiye anamunyamula ndi mphasa yake yomwe, anamukweza pangolo, ng'ombe zinakoka mpaka kubwalo, n'kumutsitsa pamaso pa Indebwana ali chikhalire.

Anafotokoza mwachidule. Mwamuna wake akufunika kuikidwa, ndipo akufunika kuikidwa ndi asuweni ake, ngati munthu wa abale. Mfumu inavomereza mawu ake onse. Kenako Kazembe, amene anali atatsala kuti aziyang'anira mtendere ndi magalimoto, anati pangano silingaphwanyidwe chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo mfumu inavomerezanso mawu ake onse. Felesiya anaiyang'ana mfumu yake nthawi yaitali. Mfumu inayamba kuchotsa kachitsotso kosaoneka pamkanjo wake.

Kazembe sanali munthu woipa mtima, anali munthu wamalonda. Anati kuphiri kuli chigalimoto chokumba, chikhoza kukumba manda m'kanthawi kochepa, ndipo achita kubwereketsa ulere. Felesiya anafunsa ngati chigalimotocho chimadziwa kutukwana. Womasulira anangomasulira kuti mayiyu akuthokoza koma akufuna anthu.

Pamenepo nkhope ya Kazembe inawala. Anaona chithunzi m'mutu mwake: adani akale akukumba manda a mdani wawo, mwachikondi, chifukwa cha Chinyadire. Akuluakulu a kudziko lozizira akaona zimenezi, nkhata ija angoyikulunga m'pepala. Analola kuti asuweni awoloke tsiku limodzi lokha. Koma pasakhale kugwira mbuzi, pasakhale ufa, ndipo mkulu wa okumbawo alankhule mawu oyamikira malemu pa chimkuzamawu, makamera akuonetsa kwa Mfumu Chinyadire ndi dziko lonse. Pakangomveka chitukwano chimodzi, waya uja achotsedwa, pamangidwa khoma la simenti, ndipo wotukwanayo sadzapondanso tsidya lino moyo wake wonse. Indebwana anati imeneyo ndi nzeru yakuya.

M'mawa mwake asuweni anawoloka pamzere ngati ana a sukulu, Tchale patsogolo, onse atavekedwa masikipa okhala ndi nkhope ya Chinyadire pamimba. Mbuzi za m'mudzimo, zimene zinazolowera kuthawa zikangoona anthu amenewa, zinathamanga pang'ono, kenako zinaima n'kumayang'ana m'mbuyo modabwa. Manda anakumbidwa mwakachetechete. Bokosi linanyamulidwa mwaulemu, popanda woligwedeza kapena kudandaula kuti malemuyu ankadya kwambiri. Felesiya anamubweretsa pangolo n'kumukhazika pambali pa dzenje. Maso ake anali ouma. Chimwalirireni mwamuna wake sanagwetse msozi, ndipo amayi anzake ankaopa kumuyang'ana.

Kazembe anakhala kutsogolo pansi pa ambulera, asilikali kumbuyo kwake. Tchale anapatsidwa chimkuzamawu. Anakhosomola, anayang'ana kumwamba, n'kuyamba. Anati malemu a Kambalame anali munthu wanzeru. Khamu linabuula. Anati anali wolimbikira ntchito ndi wokhulupirika kwa makasitomala. Amayi ena anagwira pakamwa. Atafika ponena kuti malemu anali ndi nkhope yosangalatsa, mchemwali wa Jailosi anatembenuka n'kufulatira manda. Kazembe ankagwedeza mutu mokhutira, akuuza wa kamera kuti ajambule chisoni chimenechi pafupi.

Ndiye panamveka mawu kuchokera pamphasa, osakweza, koma aliyense anawamva.

"Alamu, mwamuna wanga anakulakwirani chiyani? Mwadya naye moyo wonse, lero mukumuyamika ngati munthu amene mwangokhala naye mpando umodzi m'basi. Ngati munali naye chifukwa, nenani pano tonse timve. Koma musandiikire mwamuna wanga ngati mlendo."

Tchale anayang'ana Kazembe. Anayang'ana asilikali. Anayang'ana kumtsinje, kumene mlatho unkaonekera patali, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti tsidya lino kuli mwana wake wamkazi wokwatiwa, kuli adzukulu ake, kuli theka la anthu amene amawadziwa padziko. Kenako anayang'ana bokosi lili m'dzenje. Anavula sikipa ija pang'onopang'ono, anaminira mamina, n'kuiponya pansi.

"Jailosi, galu iwe," anatero pa chimkuzamawu. "Wagona pamenepo ngati munthu. Njinga iliyonse imene unakonza, mwini wake ankabwerera kwawo ataisenza pamutu. Mandawa tachita kukulitsa kumtunda kuno chifukwa cha chimutu chakocho, makasu awiri athyoka. Mkazi wabwinobwino uyu unamupeza chifukwa tsiku limenelo anali ndi diso lotupa. Ngakhale kufa kumene walephera, wafa nthawi yoti mbuzi zonse n'zowonda."

Womasulira anaika manja m'thumba n'kuyamba kuyang'ana mitambo. Koma Kazembe sanafunikire womasulira, chifukwa manda onse anaphulika. Ufa unatuluka m'zitenje, m'zipewa, m'matumba a majekete, ufa umene aliyense analumbira pamlatho kuti alibe. Asuweni anabalalika kuthamangitsa mbuzi, mbuzi nazo zinathawa mosangalala. Ambulera ya Kazembe inapita ndi mayi wina wa kutsidya amene anati malemu anamulonjeza. Kazembe mwiniyo anayera kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, akukuwa pa foni kuti nkhondo yayambiranso ndipo adani ali ndi chida cha utsi woyera.

Tchale sanasiye. Anatukwana makutu a Jailosi, kayendedwe kake, kaimbidwe kake kutchalitchi kamene kankachititsa ana kulira. Atafika pa nkhani ya tsiku limene Jailosi anathawa nkhuku yofungatira n'kukwera mumtengo wa papaya, mtengo n'kuthyoka, Felesiya anagwira pamimba. Kuseka kunayamba ngati chifuwa, kenako kunatuluka konse, mpaka anagwa chammbali pamphasa. Amayi analulutira. Anamugwira manja, ndipo anaimirira ndi miyendo yake.

Apo m'pamene mawu a Tchale anathyoka. Anaiwala kuti chimkuzamawu chikadali pakamwa.

"Ndinkati uyambe ndiwe, inde. Koma ndinkanama, chitsiru iwe. Tsono ine adzanditukwana ndani?"

Ku Ndinendine, Chinyadire anaonera zonse. Nduna zinabisala kuseri kwa makatani podikira mkwiyo, koma m'mawa mwake m'mimba munayenda bwino. Analemba pa foni kuti nkhondo imene yabukayi ndi yatsopano, yoopsa kuposa yoyamba ija, ndipo aithetsanso, zikhale nkhondo ziwiri zothetsedwa ndi munthu mmodzi pamlatho umodzi, chinthu chimene sichinachitikepo. Anafunsanso ngati kumeneko kuli phiri lina. Indebwana ndi Palibevuto anaitanidwa kukasainanso, ndipo anapita, poti kukana kuitana kwa munthu amene anakulandira bwino ndi kupanda mwambo.

Tchale anagona m'manja mwa asilikali, ndipo kutacha anamuperekeza kumlatho. Matumba a simenti anali atafika kale, amisiri akuponda matope. Anthu a ku Tilibekanthu anatsatira chapatali. Mwana wake wamkazi ankalira, atabereka khanda limene agogo ake sadzalinyamulanso. Felesiya anadutsa onsewo, ufa ukadali m'tsitsi, mpaka anafika pamene msilikali anamutchinga ndi mfuti. Tchale anali atafika kale pakati pa mlatho, akuyenda ngati munthu wokalamba kwambiri kuposa dzulo.

"Iwe Tchale," anaitana Felesiya. "Usafulumire kufa, dziko likadali ndi ntchito ndi anthu onyansa. Koma tsiku limenelo ndidzabwera ine. Khoma akamanga, ndidzasambira."

Tchale anaima. Sanatembenuke, chifukwa nkhope yake sinali yoti anthu aione. Anapukuta m'maso ndi mkono, n'kuyankha akuyang'ana kwawo.

"Udzasambire, mfiti iwe. Ng'ona ikadzakulawa idzakulavula yokha."

Felesiya anabwerera kunyumba akuseka njira yonse. Atafika anatseka chitseko, anakhala pampando wa Jailosi, n'kuyamba kumulira mwamuna wake bwinobwino.